Aphunzitsi Namaona ndi Makope a Che Stambuli

Ku Matawale mukafunsa za a Yesaya Namaona, ambiri adzakuyang'anani ngati mwasokera. Koma mukati mukufuna aphunzitsi aja anachonga kalata ya mwana wawo yemwe, ngakhale mayi wogulitsa makala pamphambano adzakulozerani: nyumba ya njerwa zootcha, ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa chigayo.

Nkhani ya kalatayo ndi yoona. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lois, atapeza ntchito ya unamwino ku Mzuzu, ankawalembera mwezi ndi mwezi. A Namaona ankawerenga kalata iliyonse kawiri, koyamba ngati bambo, kachiwiri ngati mphunzitsi. Poyankha ankaibweza ili mizeremizere yofiira, pansi atalemba kuti, "Wayesetsa, koma ndime yachiwiri yatalika popanda chifukwa." Lois anapirira chaka chimodzi, kenako anagula foni ya m'manja, makalata n'kuthera pomwepo. Kuyambira apo ankaimba kamodzi pamwezi, kufunsa ngati akumwa mankhwala a bipi, n'kudula mayunitsi asanathe.

Musawatenge ngati munthu wankhanza. Anabadwira ku Jali, anaphunzitsa Chichewa m'masukulu a sekondale zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo chaka ndi chaka ana akatsekera ankaitanidwa kukachonga mayeso a boma. Kumeneko ndi kumene anatengera chipembedzo chawo chachiwiri. Wochonga sachonga ndi mtima. Pepala lilibe dzina, lilibe nkhope. Lingakuseketse kapena kukuliza, iwe uziyang'ana pamndandanda wa zofunika: kasanjidwe ka mfundo, kusankha mawu, kusabwereza zimene wanena kale. Zoti "ndasangalala nayo" zilibe malo pamndandandapo. Iwo ankati kumuchonga munthu mosamala ndi ulemu waukulu umene ungamupatse, ndipo ankakhulupiriradi zimenezo.

Akazi awo, a Rose, okha ndiwo ankadziwa kuwatsomphola cholembera m'manja n'kuwakumbutsa kuti panyumba si m'kalasi. Anamwalira mu 2002, patangotha chaka a Namaona atapuma pantchito. Nyumba ija inangokula. Ophunzira a kuyunivesite amene ankachita lendi zipinda za kuseri ankapereka moni waulemu n'kudutsa mothamanga, kuopa kukonzedwa chiganizo m'mawa wonse. Masiku ena a Namaona ankazindikira dzuwa litapendeka kuti chidzukire sanalankhule ndi munthu. Anali osungulumwa kwambiri, ngakhale mukanawafunsa akanakana.

Loweruka lililonse ankayenda wapansi kupita kumsika wa Zomba. Panja pa msika panali munthu woyala mabuku akale pansi, ndipo pakati pake panali mabuku onenepa a Chingerezi obwera ndi kaunjika, zikuto zake zili ndi zinjoka za mapiko, ankhondo a malupanga ndi mafumu a matsenga. Ophunzira ankachita kulandana. A Namaona ankatola limodzi, kuwerenga ndime imodzi, n'kulibweza ngati lawadetsa m'manja.

"Mabuku awa ndi utuchi," anatero tsiku lina, osalankhula ndi munthu weniweni. "Masamba mazana asanu ndi awiri, koma mulibe chiganizo chimodzi choti munthu n'kusunga pamtima."

"Nanga bwanji anthu akawayamba sawasiya, bwana?"

Anacheuka. Anali bambo wamfupi wa kofiya yoyera, atagwira njinga yomangirira timadengu topanda kanthu. Dzina lake anali Che Stambuli. Ankakhala pamwamba pa phiri, kumene ankagulitsa masitiroberi, magalagadeya ndi mapeyala kwa alendo m'mbali mwa msewu. Sukulu analekezera sitandade seveni. Chingerezi anachiphunzira ponenerera mitengo ndi azungu, ndipo mlendo wina atamusiyira buku lonenepa lopanda chikuto, analiwerenga miyezi isanu, mawu ovuta akungowadumpha ngati miyala ya pamtsinje.

"Kachasu naye anthu akamuyamba samusiya," anatero a Namaona, "koma sitimutcha chakudya."

"Ine kachasu sindimwa, chipembedzo chimakaniza. Koma buku loteroli ndimamaliza. Anu abwinowo ndinayesapo limodzi, ndinagona patsamba lachitatu."

Anakangana mpaka mwini mabuku anawapempha kuti asunthe, akutchinga makasitomala. A Namaona anabwerera kunyumba thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee. Chimwalirire a Rose, palibe amene anali atawatsutsapo pamaso. Ndipo potsanzikana Che Stambuli anali ataulula chinsinsi, kuti nawonso akulemba nkhani yotero, koma m'Chichewa, ndipo nkhungu ikatsika paphiri magalimoto n'kusowa, amawerengera anzawo ogulitsa zipatso.

Loweruka lotsatira, nthawi ya thuu koloko, njinga inatsamira pakhoma la nyumba ya chitseko chobiriwira. Che Stambuli anabwera ndi kope la ana asukulu lopindika m'makona ndi kadengu ka zipatso. Anamwa tiyi pakhonde, n'kukangananso. Atachoka mlendoyo, a Namaona anakhala patebulo, anavundukula cholembera chofiira, n'kutsegula kope lija.

Tinene zoona, kalembedwe kake kanali koipa. Chinthu chimodzi ankachinena katatu. Phiri lililonse linali "lalitali kuposa kutalika kwenikweniko." Anthu ankangotulukira m'nkhani osadziwika kumene achokera, ndipo pakati pa nkhondo wolembayo anaima kaye kuti afotokoze mmene amapsetsera mapeyala m'thumba la gaga. Nkhaniyo inali ya Amisa, mayi wogulitsa mchere, amene mwamuna wake anaberedwa chithunzithunzi ndi mfumu ya pansi pa phiri. Mfumuyo inkasunga zithunzithunzi za anthu m'mitsuko, ndipo munthu wopanda chithunzithunzi ankaiwala dzina limodzi tsiku lililonse, kuyambira la mnansi mpaka la mkazi wake. Amisa ananyamuka kukachilanda atakwera nang'omba, mbalame yakuda ija, koma iyi inali yaikulu ngati basi ya ku Blantyre ndiponso yokonda miseche.

Patsamba loyamba a Namaona anajambula mizere isanu ndi umodzi. Patsamba lachinayi anajambula umodzi. Atafika pamene mwamuna wa Amisa anamuyang'ana mkazi wake n'kufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, mukufuna ndani?", cholembera chinali chitagubuduzika pansi pa tebulo, iwo osamva. Chimene chinawadzidzimutsa ndi fungo la nyemba zopserera pambaula.

Anachita manyazi, ngati kuti wina wawaona. Munthu amene anachongapo mapepala zikwi, kupsereza ndiwo chifukwa cha mbalame ya miseche. Anadziuza kuti ndi kutopa chabe.

Koma Loweruka linasanduka tsiku lokhalo lokhala ndi dzina m'sabata yawo. Lachisanu ankasesa khonde ndi kugula mkaka. Loweruka pofika wani koloko ankakhala atavala malaya ositasita, akunamizira kuthirira maluwa ouma a malemu akazi awo, khutu lili kumsewu. Milungu ina Che Stambuli ankabwera ndi kope latsopano, milungu ina chimanjamanja, koma kubwera kokha sankalephera. Akafunsa za makope akale, a Namaona ankayankha kuti akadawaona. Chilungamo chake n'chakuti ankawawerenga kachiwiri ndi kachitatu. Anthu amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nkhani ya Che Stambuli nyimbo inkaidziwa. A Namaona ankazindikira zimenezo, koma pakhonde paja ankangonena za kubwereza mawu ndi kutalika kwa ndime, Che Stambuli n'kumaseka, n'kumawayankha, tiyi n'kumazirala.

Kope la khumi ndi chimodzi linabwera mvula ili pafupi kutha. M'menemo Amisa analowa m'chipinda cha mitsuko n'kuyamba kuvundukula umodziumodzi. Mumtsuko wachisanu ndi chinayi sanapeze chithunzithunzi cha mwamuna wake. Anapeza chake. Anacheuka n'kuona kuti pansi pali chithunzithunzi china chimene chakhala chikumutsata ulendo wonsewu. Kope linathera pamenepo. A Namaona anazungulira nyumba kawiri, akudzifunsa mokweza kuti nanga chinacho n'cha ndani.

Loweruka lotsatira Che Stambuli sanabwere ndi kope. Anakhala pampando osaseka, akuzunguza kapu m'manja.

"Aphunzitsi, lero ndiuzeni zenizeni. Anzanga kuphiri kuja amaikonda, Che Sefu mpaka analira. Koma ajawa sadziwa mabuku, angakonde chilichonse. Inu ndinu odziwa. Kodi chimene ndikulembachi ndi chinthu, kapena ndikungotha mabolopeni?"

Apa ndi pamene munthu wina aliyense akananena za nyemba zija. Mawuwo anafika pakhosi pa a Namaona, anawamva akukwera. Koma anaona kuti munthuyo wawafunsa ngati katswiri, ndipo katswiri sayankha ndi nyemba. Anakhosomola n'kunena kuti, "Ndipatseni sabata imodzi, Che Stambuli. Ndichonga bwinobwino."

Ndipo anachongadi. Moyo wawo wonse sanachongepo ntchito ya munthu mosamala chotere. Masiku asanu ndi limodzi anakhala patebulo kuchokera m'mawa, kope ndi kope, mzere ndi mzere, zolembera ziwiri mpaka kutha. Pomwe mawu abwerezedwa anadula. Pa za mapeyala analemba kuti, "Zosagwirizana ndi mutu." Pa nang'omba analemba kuti, "Kukokomeza kopyola muyeso." Pamtsuko wachisanu ndi chinayi dzanja linaima kanthawi, koma lamulo ndi lamulo: wolemba sanakonzekeretse owerenga, ndipo mfundoyo ikutsutsana ndi kope lachitatu. Analemba kuti, "Zosamveka. Chotsani." Kumapeto anaika malikisi asanu ndi atatu pa makumi awiri, n'kuwazunguliza bwino. Anagona ndi mtima wokhutira, poganiza kuti mnzawo amupatsa mphatso yoposa zonse zimene anali nazo.

Che Stambuli analandira makopewo ndi manja awiri. Anatsegula loyamba, kenako lachisanu, kenako lomaliza. Masamba anali ofiira ngati pamalo pophera mbuzi. Anayang'ana malikisi aja nthawi yaitali.

"Zikomo, aphunzitsi. Mwagwira ntchito yaikulu," anatero motsitsa mawu. Anamanga makopewo pakaliyala ndi chingwe cha mphira, n'kutsanzika mofulumira kuti kuphiri kukuoneka mvula. Tiyi anamusiya theka.

Loweruka lotsatira sanabwere. Linalo sanabwerenso. A Namaona anayamba ndi kukwiya: wophunzira amene amathawa akalephera sadzaphunzira kanthu. Kenako mkwiyo unatha, panatsala kudikira basi. Ankapita kumsika, kuima pamabuku paja nthawi yaitali, mwini wake mpaka kuwafunsa ngati akudwala. Tsiku lina anagula buku lonenepa la chinjoka pachikuto, analibisa pansi pa matimati m'jumbo, koma kunyumba analisiya patsamba la makumi awiri. Linali lolembedwa bwinoko kuposa la Che Stambuli, koma munalibe Amisa. Anawasowa Che Stambuli, ndipo anaisowa nkhani ija, osadziwa kuti chikuwapweteka kwambiri n'chiti. Lois ataimba anafuna kumufotokozera, koma asanapeze poyambira pabwino foni inaduka.

Inatha miyezi inayi. M'mwezi wa Julaye, chiperoni chili pachimake, a Namaona anavala jekete la suti yawo ya kutchalitchi, n'kupempha malo palole yopita kukatenga matabwa kuphiri. Zaka zonse zimene anakhala m'Zomba anali atakwerako kawiri kokha, ndi ana asukulu. Lole inakwera mokhotakhota, tauni n'kumira m'nkhungu. Anawatsitsa pamene ogulitsa zipatso amaima, pansi pa mitengo ya paini, kukuzizira kolowa m'mafupa.

Bambo wina wamtali wofunda bulangete anawathamangira ndi kadengu, koma atamva amene akumufuna anatsitsa kadenguko.

"Ndinu aphunzitsi a ku Matawale eti? Ine ndine Sefu. Mwatilanda wailesi yathu inu. Kale nkhungu ikatere tinkasonkha moto, iwo n'kumatiwerengera. Pano angokhala uko, kukopera, kufufuta, kukopera. Atatiwerengera zatsopanozo tinangobalalika mmodzimmodzi."

Che Stambuli anali pachipika cha paini kuseri kwa tisakasa, ataonda pang'ono. Atawaona anadzuka msanga, nkhope yonse ikumwetulira, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Panalibe chidani m'maso mwawo, ndipo zimenezo zinawapweteka a Namaona kuposa mkwiyo.

"Mwandipeza ndangomaliza dzana, aphunzitsi. Ndinalumbira kuti sindiponda pakhomo panu ndi zinthu zamanyazi zija. Onani."

Anatulutsa m'jumbo kope limodzi la chikuto cholimba. Makope khumi ndi limodzi anali atalowa m'menemo, n'kutsalanso masamba. A Namaona anakhala pachipika paja n'kuyamba kuwerenga, zala zili gwa ndi chisanu. Ndime zinali zazifupi ndi zaudongo. Palibe chinanenedwa kawiri. Amisa anayenda wapansi, popeza nang'omba munalibemo. Anafika kwa mfumu, anapempha mwaulemu, anapatsidwa chithunzithunzi cha mwamuna wake, anabwerera kwawo. Pamapeto panali phunziro lakuti m'banja mumafunika kupirira. Malangizo awo onse anali atatsatidwa, osasiyapo ndi limodzi lomwe. Anamaliza ola lisanathe, ndipo kawiri konse anadzipeza akuganiza za lole yobwererera.

"Ndapeza angati tsopano?" anafunsa Che Stambuli.

A Namaona sanathe kunama pa malikisi, sanayambe anamapo. "Khumi ndi asanu ndi limodzi."

"Ndiye kuti ndakhoza." Che Stambuli anapuma mozama. "Basi, ndapumula. Kulemba kwabwinoku ndi ntchito yolemetsa, aphunzitsi, bola kusenza matabwa. Sindidzayambanso ina. Kopelo tengani, ndi lanu."

"Nanga akale aja?"

"Ndinkati ndikakopera limodzi, ndimasonkhera moto. Ndinaopa kuti ana angadzawapeze ine nditafa, n'kuona mmene bambo awo analepherera."

A Namaona anayang'ana pansi. Nkhungu inali kudontha m'masamba a paini, kunyowetsa chikuto cha kope lija. Pamene analankhula, mawu awo sanali a m'kalasi.

"Che Stambuli, nkhani ija ndinkaikonda. Tsiku loyamba lomwe ndinapsereza nyemba. Makope aja ndinawawerenga katatukatatu. Sabata yonse ndinkangodikira Loweruka."

Che Stambuli anawayang'ana nthawi yaitali, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono.

"Nanga bwanji simunalembe zimenezo? Ndinafufuza tsamba lililonse, aphunzitsi. Ndinkati mwina pena pake mwalembapo."

"Pochonga sitilemba zimenezo."

"Oo," anatero Che Stambuli.

Madzi akatayika saoleka, a Namaona ankadziwa. Komabe anayesa, monga amayesera munthu aliyense.

"Ndiuzeni chimodzi chokha. Chithunzithunzi chinkamutsata Amisa chija chinali cha ndani?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa bwanji, nkhani ndi yanu?"

"Ine sindinkadziwiratu, aphunzitsi. Ndinkati ndikagwira bolopeni zimabwera zokha, nanenso n'kumadabwa limodzi ndi anzangawa. Chija chikanabwera sabata imene ija. Koma munati ndichotse, ndiye ndinachotsa. Sichinabwerenso."

"Yesani pakamwa. Pompano. Ine ndingomvera, sindinena kanthu."

Che Stambuli anakanda pansi pa kofiya, n'kuyang'ana m'nkhungu muja. Che Sefu, amene anali chapafupi, anasendera mwakachetechete.

"Amisa atacheuka," anayamba Che Stambuli, "anaona chithunzithunzi chija chitaima. Iye kusuntha, icho osasuntha. Chinali chakuda, chakuda kuposa kuda kwenikweniko, chakuda moti..." Manja anali atayamba kukwera m'mwamba. Kenako anaima. Anayang'ana a Namaona, manja aja n'kutsika okha. "Pepani, ndabwereza. Ndiyambirenso." Anayambiranso, mosamala, akusankha mawu amodziamodzi, ndipo asanamalize chiganizo anaimanso. "Ayi, aphunzitsi. Ndikati ndinene, ndikumaona mzere wofiira mawu asanatuluke."

Kumsewu kunamveka galimoto ikuchepetsa liwiro. Che Sefu anathamanga ndi kadengu kake. Che Stambuli anatola madengu awo awiri, ndipo zinkaoneka kuti galimotoyo yawapulumutsa.

"Mundikhululukire, makasitomala. Mutsike msanga, kuno kukada kumazizira zedi. Tidzaonana mutauni, Mulungu akalola."

Sanatchule tsiku. A Namaona anakhalabe pachipika paja, akumva mnzawo akunenerera mitengo m'Chingerezi chake chothyokathyoka, akuseketsa alendo. Galimoto ija itachoka inabwera ina. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi, koma Che Stambuli sanabwererenso kuseri kuja. Kenako anaika kope m'kati mwa jekete kuti lisanyowe, n'kuyamba kutsika phiri wapansi, okha.